Sitisunga, Timangoloza

Ntchito yanga ku Hull ndi yoloza.
Pansanjika yachitatu ya laibulale,
pafupi ndi zenera lomwe silitseguka,
ndimakopera adiresi ya kanema wa eni,
kuimata m'kabokosi koyera,
kulemba mutu, mwini wake, kutalika kwake,
kenako kudina batani.
Basi, kanema walowa m'nkhokwe ya yunivesite.
Walowa? Bodza.
Tsiku loyamba Bronagh anandiuza uku akupukuta magalasi:
kuno sitisunga, timangoloza.
Chimanga chili m'munda wa wina,
ife tangolambula kanjira.

Lolemba lina mu Novembala,
mdima utagwa folo koloko isanakwane,
Dokotala Hallworth wa za mayendedwe a m'mizinda
anatumiza maulalo khumi ndi anayi oti ophunzira ake aonere.
Lagos, Dhaka, Lima,
wachisanu ndi chinayi: Limbe.

Ndinavala zomvera m'makutu monga mwa lamulo,
kuyesa ngati mawu akumveka.
Anamveka.
Mahutala, fumbi, mayi wa mandasi akukokera beseni pambali,
ndipo patatha mphindi zitatu ndi masekondi makumi awiri,
munthu wa malaya ofiira
akumenya denga la minibasi ndi chikhatho:
Bangwe! Bangwe! Mmodzi yekha tinyamuke!

Fatsani.
Dzino lija lobenthuka potsegula botolo,
khosi lija la bambo athu.
Chaka chimenecho n'kuti kutatsala mvula ziwiri
kuti timuperekeze kumanda ku Thyolo,
ine ndikulira pafoni, tikiti itandikanika.
Masekondi asanu ndi anayi okha.
Wojambulayo, mlendo wa chikwama kumsana,
sanamufunse ndi dzina lomwe.

M'kabokosi ka mawu ofufuzira ndinalemba:
minibasi, depoti, Malawi, maganyu a m'tauni.
Chala chinaima m'malere.
Fomu ilibe malo olembapo kuti mlongo wanga.

Nyengo yonse yachisanu nkhomaliro ndinkadyera padesiki,
buledi ndi tiyi wopola,
kukokera kadontho kaja m'mbuyo, m'mbuyonso,
kuti amenyenso denga lija.
Makina amawerenga oonera.
Ophunzira makumi asanu ndi mmodzi anamuona kamodzi kamodzi,
zotsalazo, mazana awiri ndi kanthu, ndi ine.
Ndinaganizapo zomukoka usiku, kumubisa m'foni mwanga,
koma lamulo la umwini ndine ndimaphunzitsa obwera kumene,
ndiye ndinati ndilembera mwini wake, ndipemphe mwaulemu.
Mawa. Sabata yamawa. Mayeso akatha.
Zengerezu analinda kwawukwawu.

Mu Malichi lipoti la maulalo oduka linafika
monga limafikira Lachisanu lililonse,
mizere isanu ndi iwiri yofiira.
Ndinadina wachitatu.
Bokosi lotuwa ngati thambo la pa Humber:
kanemayu mwini wake anamuchotsa.
Mutu ulipo. Kutalika kwake kulipo.
Mawu anga ofufuzira ali chilili
ngati anthu ofika pasiwa mochedwa,
maliro atanyamuka kale.

Ingofufuta, anatero Bronagh, kapena peza wina wofanana naye,
makanema a minibasi ndi mbwee.
Ndinavomera ndi mutu.
Isanu ndi umodzi ndinafufuta.

Lamulungu amayi anaimba foni,
akuti dzina langa likadali m'buku la mpingo,
mlembi amaliwerenga pa zopereka, anthu n'kutembenuka
kuyang'ana pabenchi pomwe ndinkakhala.
Ndinati asalifufute.

Madzulo ano pa Cottingham Road mvula ikuwaza chammbali.
Basi yafika mwakachetechete ngati namwino wa usiku,
chitseko chadzitsegukira chokha,
manambala akuwala pamphumi pake.
Palibe woitanira.
Mipando yambiri ili pululu,
koma ine ndaima kaye, phazi limodzi m'mwamba,
kudikira chikhatho padenga,
kuti wina anene kuti watsala mmodzi yekha,
ndipo mmodziyo ndi ine.